Sabata imodzi pa hotela ya all-inclusive ku Albufeira ndili ndi gastric band

M'mwezi wa September ine ndi bambo a kunyumba tinanyamuka ku Manchester, kumene tikukhala, kupita ku Albufeira, tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Algarve kum'mwera kwa dziko la Portugal. Tinakhala masiku 7 pa hotela ina yaikulu pa dongosolo lotchedwa all-inclusive, limene munthu amalipiriratu malo ogona, chakudya cha m'mawa, cha masana ndi cha madzulo pamodzi ndi zakumwa. Uwu unali ulendo wanga woyamba wa tchuthi chichitireni opaleshoni yochepetsa thupi ya gastric band, yomanga lamba pachifu, ndipo ndikulemba makamaka chifukwa cha anzanga amene ali ndi lamba ameneyu pachifu ndipo amaopa kudyera kutali ndi khitchini yawo. Dzina la hotelayo ndalisiya dala, popeza zimene ndinaona zikukhudza dongosolo lenilenilo, lomwe mahotela ambiri a m'derali amatsata. Maganizo anga ndi akuti chakudya chodzitengera wekha cha pa buffet chinandithandiza kuposa mmene ndinkayembekezera, koma ndalama yowonjezera imene tinalipira kuti zakumwa ndi zodyadya za tsiku lonse zikhale zaulere inandigulira mayesero amene sindinkawafuna.

Kwa amene sanamvepo za opaleshoniyi, lambayu ndi wopangidwa ndi silicone, ndipo madokotala amamumanga kuzungulira kumtunda kwa chifu kudzera m'timabowo ting'onoting'ono tobooledwa pamimba, popanda kudula chifucho. Pamwamba pa lambayo pamatsala kathumba kakang'ono kwambiri, motero chakudya chimatsika pang'onopang'ono ndipo munthu amakhuta msanga. Kuchokera pa lambayo pali kapaipi kamene kamathera pa kachipangizo kotchedwa port, kobisika pansi pa khungu la pamimba. Namwino akabaya pamenepo n'kuthiramo madzi amchere, lambayo amathina, ndipo akachotsako madziwo amamasuka. Kuchipatala anandiphunzitsa lamulo limene ambiri kuno ku Britain amalitcha lamulo la 20: kutenga chakudya chosaposa kukula kwa ndalama yachitsulo ya 20p, kutafuna maulendo 20, ndi kusiya kudya pakatha mphindi 20 ngakhale m'mbale mutatsala kanthu. Anandiuzanso kuti ndisamamwe chilichonse pakudya, koma ndizidikira pafupifupi theka la ola. Muyeso umene ndinayesera hotelayi ndi malamulo amenewa basi, osati kukongola kwa zipinda kapena kukula kwa dziwe losambiramo.

Ndisananyamuke ndinakambirana ndi namwino wanga, ndipo tinagwirizana kuti asawonjezere madzi m'lambayo ulendo utayandikira, chifukwa masiku otsatira kuwonjezerako ndi amene munthu sadziwa bwino chimene chidutse ndi chimene chikakamire. Ulendo wa pandege wopita ku Faro, mzinda umene uli ndi bwalo la ndege la ku Algarve, ndi wa maola pafupifupi 3. Mpweya wa m'ndege umakhala wouma komanso wopepuka ngati wa pamalo okwera mamita pafupifupi 2,000, monga pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo ine ndinamva kuti lamba wathina kuposa masiku onse, zomwe anthu ambiri amene ali naye amadandaulanso. Sindinagule masangweji ogulitsidwa m'ndege. Ndinamwa tiyi wofunda pang'onopang'ono ndi madzi amene ndinagula nditadutsa pamalo ofufuzira katundu. Basi ya kampani ya ulendo inatitenga ku Faro n'kuyenda nafe mtunda wa makilomita oposa 40, ikutsitsa anthu pa mahotela osiyanasiyana, ndipo tinafika chipinda chodyera chitatsekedwa. Anatisungira mbale yozizira ya buledi, tchizi ndi nyama yodula mopyapyala, zimene kwa ine zinali zosathandiza konse. Usiku umenewo ndinagonera yogati amene wantchito wina wa pamalo olandirira alendo anakanditengera kukhitchini nditamufotokozera vuto langa, ndipo ndimamuyamikira mpaka lero.

Chakudya cha m'mawa ndi chimene chinali chovuta kwambiri. Lamba amakhala wothina m'mawa ndipo amamasuka tsiku likamapita, choncho kunyumba ndimayamba ndi chakumwa chofunda, n'kudzadya kanthu kolimba mochedwerako. Pa hotelayi gome la m'mawa linali lodzaza ndi buledi wofewa, makeke, soseji ndi nyama yankhumba yokazinga mpaka kuuma, zonsezo zakudya zimene zimakonda kukakamira. Zimene ndinapeza zoyenera ndi yogati wopanda shuga, zipatso zophika, ndi mazira. Mazira okazingiratu a m'chiwaya chachikulu ankakhala nthawi yaitali pamoto mpaka kulimba ngati mphira, koma kunali wophika wina amene ankakazinga mazira pamaso pa alendo, ndipo nditamupempha kuti dzira langa lizikhala limodzi lokha, lofewa, anandizolowera moti kuyambira tsiku lachitatu ankangondiona n'kuyamba kuswa dziralo. Chimene ndinadandaula nacho ndi chakuti chipinda chodyera chinkatsekedwa 10 koloko, nthawi imene ine ndimakhala nditangoyamba kumene kutha kumeza bwino.

Madzulo ndi pamene dongosolo la buffet linasonyeza ubwino wake, ndipo pano ndiyenera kufotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ambiri amaganiza kuti munthu wochitidwa opaleshoni yochepetsa thupi ayenera kuthawa malo otere. Mu lesitilanti wamba amakubweretsera mbale yodzaza, iwe n'kudya gawo laling'ono, kenako woperekera zakudya n'kubwera kudzafunsa ngati chakudyacho chalakwika, ndipo umayamba kufotokoza za mimba yako kwa mlendo. Pa buffet palibe amene amakuwerengera. Ine ndinkatenga kambale kakang'ono ka pa gome la masaladi, n'kuikapo supuni imodzi ya nsomba, supuni imodzi ya ndiwo zamasamba zophika, ndi kachidutswa ka mbatata, ndipo ngati chinthu china chakana pa kulawa koyamba ndinkangochisiya n'kukatenga china popanda kutaya chakudya chambiri kapena ndalama. Kaphikidwe ka ku Portugal kamagwirizananso ndi lamba kuposa mmene ndinkadziwira. Tsiku lililonse kunkakhala nsomba yophika kapena yowotcha yokhala ndi msuzi, ndipo tsiku lina anaphika bacalhau à brás, yomwe ndi nsomba ya mchere yonyenyanyenya yosakaniza ndi mazira, anyezi ndi mbatata ya kachewere yodula tizingwe. Inali yofewa, yonyowa, ndipo inadutsa popanda vuto. Supu wa ndiwo zamasamba ankapezeka masana ndi madzulo omwe, ndipo anandipulumutsa masiku amene kutentha kunandichititsa kuti ndithinidwe. Caldo verde yekha, supu wa mbatata ya kachewere wokhala ndi masamba odula ngati ulusi, ndi amene ndinamudya mosamala, chifukwa masamba aatali otere amatha kupotana n'kutseka njira.

Ife amene tinakulira nsima tili ndi chizolowezi chimene anamwino a kuno sachidziwa: mbamu timaiumba m'manja, kuisunsa mu msuzi, n'kumeza osatafuna kwenikweni. Chizolowezi chimenechi chimabwerera munthu akamasuka ndi kuyamba kucheza, ndipo ndi chimene chinandigwetsa tsiku lachinayi. Ndinatenga kachidutswa ka chidali cha nkhuku yowotcha imene inali itauma chifukwa chokhalitsa pansi pa nyali zotenthetsera, ndipo ndili mkati molankhula ndi anthu amene tinakhala nawo pa tebulo ndinameza ndisanatafune mokwanira. Nthawi yomweyo ndinamva kupweteka pakati pa chifuwa, malovu anayamba kudzaza m'kamwa, ndipo ndinadziwa kuti ndiyenera kuchoka. Kulakwa kunali kwanga, koma mamangidwe a malowo anakulitsa vutolo, pakuti chimbudzi chapafupi chinali kunja kwa chipinda chodyera, kutsika masitepe, ndipo panjira panali mzere wa anthu odikira malo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkapempha tebulo la pafupi ndi khomo, ndipo antchito sanakanepo. Tsiku lotsatira ndinakhalira zamadzimadzi zokha kuti chifu chipume, monga mmene anandilangizira kuchipatala, chifukwa kusanza kobwerezabwereza kungathe kusuntha lambayo pamalo pake, ndipo zikatero pamafunika chithandizo chamsanga.

Vuto lenileni la all-inclusive silili m'chipinda chodyera ayi, koma pa bala ya m'mbali mwa dziwe. Lamba amaletsa chakudya cholimba, koma saletsa chilichonse chimene chimasungunuka kapena kuyenderera. Ayisikilimu, chokoleti, zakumwa zotsekemera ndi mowa zimadutsa ngati palibe chotchinga, ndipo pa hotelayi zonsezi zinali zaulere kuyambira m'mawa mpaka usiku, munthu akangoonetsa kachibangili ka pulasitiki kamene amakuveka pofika. Makina a zakumwa anali ndi zakumwa za gasi, zimene ndinauzidwa kuzipewa chifukwa zimatupitsa mimba, ndi majuwisi a shuga wambiri. Madzi okha ndiwo anali oyenera, ndipo anali m'timakapu ting'onoting'ono moti kunali kofunika kubwerera kawirikawiri. Munthu wa lamba sangagugudize madzi ambiri nthawi imodzi, choncho pa dzuwa la ku Algarve ayenera kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse, apo ayi thupi limauma ndipo lamba amathina kwambiri. Ndinagula botolo langa m'sitolo ya pafupi n'kumayenda nalo paliponse. Zodyadya za masana pa balapo zinali tchipisi, pitsa ndi mabaga okhaokha, popanda ngakhale yogati kapena chipatso. Ndikunena mosabisa kuti masiku awiri ndinadya ayisikilimu masana, osati chifukwa cha njala koma chifukwa anali pafupi ndipo anali atalipiridwa kale, ndipo maganizo akuti "ndalipira kale" ndi omwe ndinalimbana nawo zaka zambiri ndisanafike pa tebulo la opaleshoni.

Chakudya cha madzulo chinkayamba 7 koloko, ndipo ndinkaonetsetsa kuti ndalowa m'gulu loyamba, chifukwa ndikadya mochedwa n'kukagona pasanathe maola awiri kapena atatu chilungulira chimandidzutsa usiku. Pilo wachiwiri anandipatsa nditangopempha.

Masiku awiri tinakadya kunja, ndipo kumeneko ndinaphunzira mawu amene aliyense wa lamba wopita ku Portugal ayenera kuwasunga: meia dose, kutanthauza theka la mbale. Malesitilanti ambiri achikhalidwe amalemba mitengo iwiri pa chakudya chimodzi, ndipo palibe amene amadabwa munthu akaitanitsa theka. Buledi, batala ndi maolivi zimene amaika pa tebulo musanaitanitse, zotchedwa couvert, amalipiritsa pokhapokha mwadya, choncho ndi zololedwa kupempha mwaulemu kuti azichotse, zomwe zinandithandiza kupewa buledi. Ku Guia, kamudzi ka pafupi ndi Albufeira kotchuka ndi nkhuku ya piri-piri, ndinasankha ntchafu m'malo mwa chidali, popeza ntchafu ndi yonona ndipo siuma, ndipo ndinadya tizidutswa tochepa popanda vuto. Chakudya chimene chinandifika pamtima ndi xarém, phala lolimbirako la ufa wa chimanga lophikidwa ndi tinkhono ta m'nyanja, lomwe ndi lachikhalidwe cha ku Algarve. Kakomedwe kake kanandikumbutsa phala la mgaiwa, ndipo chifukwa ndi lofewa ndinatha kulidya ndi tiyisupuni mopanda mantha. Pa hotela sanaliphikepo sabata yonseyo, zimene ndinaona kuti ndi kutaya mwayi.

Pa nkhani ya chitetezo hotelayi inandikhumudwitsa pang'ono. Nditafunsa pamalo olandirira alendo kumene ndingapite ngati lamba atatsekeratu njira, anandipatsa kapepala ka chipatala china cholipira cha alendo, koma sanathe kundiuza ngati kumeneko kuli munthu wodziwa kuchotsa madzi m'lamba. Ntchitoyi imafuna singano yapadera yotchedwa Huber, chifukwa singano wamba ingawononge port, ndipo si dokotala aliyense amene anaichitapo. Ine ndinali nditanyamula kalata ya dokotala wanga yotchula mtundu wa lamba ndi kuchuluka kwa madzi amene ali mkatimo, khadi la GHIC limene limathandiza okhala ku Britain kulandira chithandizo m'zipatala za boma za m'mayiko a European Union, ndi inshuwalansi ya paulendo imene ndinaiuza momveka bwino za opaleshoniyo, popeza kubisa kungachititse kuti akane kulipira. Nambala ya zangozi ndi 112, ndipo chipatala chachikulu cha boma m'chigawochi chili ku Faro. Munthu akalephera kumeza ngakhale madzi kapena malovu ake, kapena akamasanza mosalekeza, sayenera kudikira tsiku lobwerera kwawo.

Tikadzapitanso, ndidzasungitsa malo pa dongosolo la half board, lomwe limapereka chakudya cha m'mawa ndi cha madzulo chokha, kuti buffet ya madzulo ndiisunge koma kachibangili ka zaulere ndikasiye, ndipo ndidzapempha chipinda chokhala ndi firiji yaing'ono yosungiramo yogati ndi mkaka, komanso ketulo, zomwe chipinda chathu chinalibe mpaka titalipira padera. Bambo a kunyumba, amene alibe lamba, anakhutira ndi zonse ndipo akuti angabwererenso pa dongosolo lomwelo, choncho kwa banja limene wina ali ndi lamba wina alibe ndi bwino kufunsiratu ngati hotelayo imalola kuti anthu awiri a m'chipinda chimodzi akhale pa madongosolo osiyana. Yathuyi titafunsa tsiku lonyamuka inayankha kuti siilola.