Bandsaw yaing'ono ya m'sitolo, yakale ya inchesi 14 kapena yowotcherera kuno ku Mchinji

Anzanga ocheka matabwa Loweruka ndi madzulo akaweruka kuntchito, funso loti mugule bandsaw yotchipa yotani (makina ochekera okhala ndi buledi ngati lamba wa mano wozungulira pa mawilo awiri) lachuluka, ndiye ndiyankhe onse pamodzi. Kwa munthu wa pa Boma, Kamwendo kapena Mkanda, njira zilipo zitatu: kamakina katsopano ka pa tebulo ka inchesi 9 kapena 10 (inchesizi ndi kukula kwa mawilo ake), makina akale oima pansi a inchesi 14, kapena opangitsa kwa owotcherera. Ya kubutchala yodulira nyama ichotseni m'maganizo, inapangidwira fupa ndipo tebulo lake silingakupatseni mzere woongoka pa thabwa.

Za mphamvu sindichedwapo. Kakang'ono kamakhala ndi mota ya mawati 250 mpaka 350 ndipo kamalowa thabwa lochindikala mamilimita 80 kapena 90. Pa paini wa ku Chikangawa ndi malaina kamayenda bwino. Mukakapatsa mlombwa wouma kapena bulugama wochindikala mamilimita 50, kamayamba kubuula, buledi n'kumapatuka pa mzere. Ya inchesi 14 imakhala ndi mota ya mawati 550 mpaka 750 kapena kuposa, ndipo imang'amba thabwa la mamilimita 150 litaimirira.

Nkhani yeniyeni ili pa buledi, ndipo wogulitsa sakuuzani.

Buledi ya bandsaw ndi lamba wolumikiza, kotero utali wake uyenera kugwirizana ndi makina anu ndendende. Timakina ting'onoting'ono tilibe muyezo umodzi: kena kamafuna mamilimita 1511, kena 1575, kena 1712, kenanso 1790. Buledi yobwera m'bokosi imakhala yamwambo chabe, pakangopita nthawi pang'ono yabuntha kapena yaduka. Mukabwerera komwe munagula, makina alipo mbwee koma mabuledi ake palibe. Apa ndiye muyambe ulendo wa ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, kapena kuoloka pa Mwami kukasaka ku Chipata, osatsimikiza kuti muyezo wanuwo mukaupeza. Mukaitanitsa ku Johannesburg, onjezanipo mtengo wa wonyamula katundu ndi msonkho wa pachipata. Mabuledi atatu kapena anayi ogula mwanjira imeneyi amadya ndalama yonse imene munkati mwapulumutsa pogula kakang'ono.

Wina anena kuti bwanji osangodulitsa kwa amisiri onola masowo, amene amadula buledi pa mpukutu n'kuilumikiza pa muyezo uliwonse. Zimatheka, koma pali msampha. Mpukutu wopezeka kwambiri ndi wochindikala pafupifupi mamilimita 0.65, woyenera mawilo a inchesi 12 kupita m'mwamba. Wilo la inchesi 9 limafuna buledi yopyapyala, ya 0.35 mpaka 0.5. Chitsulo chochindikala chikamapindika pa wilo laling'ono kambirimbiri pa mphindi chimatopa, monga waya amene mukumupinda uku ndi uku. Timing'alu timayambira m'mphako za pakati pa mano, kenako mumangomva kuti thaa! Ambiri amaloza chala wolumikiza uja, chonsecho buledi yaduka patali ndi mfundo yake. Komanso thupi la kamakinako ndi lata lopyapyala: mukati mukoke buledi ya mamilimita 12 kuti ilimbe bwino, limene limagonja ndi thupilo, osati bulediyo.

Ya inchesi 14 ya mtundu wa Delta, pamodzi ndi zina zambiri za ku Taiwan zotengera pomwepo, imadya buledi ya inchesi 93 ndi theka, amene ndi mamilimita 2375. Muyezo umenewu ndi wofala, ndipo mpukutu wamba uja umakwana popanda vuto. N'chifukwa chake ine mtima wanga uli pa yakaleyi ngakhale itabwera ndi dzimbiri pa tebulo. Dzimbiri limachoka ndi sandipepa ndi palafini. Zoyang'ana ndi zina. Chotsani buledi, muzunguze wilo la m'mwamba ndi dzanja: likamagwedera m'mbali kapena kulira khokhokho, mabering'i atha, ndipo amenewo ngotchipa, manambala ake amalembedwa m'mbali ndipo ambiri amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za njinga zamoto. Suzumirani pansi pa tebulo pa zitsulo ziwiri zokhota zimene tebulo limapendekerapo. Zimathyoka anthu akamanyamula makina pogwira tebulo, ndipo chitsulo chake sichimva kuwotcherera. Chimodzimodzi kachitsulo kogwira shafuti ya wilo la m'mwamba. Ziwirizi zikakhala ndi mng'alu, makinawo asiyeni. Mphira wa pa mawilo akang'ambika si chifukwa chothawira: dulani lamba pa chubu cha njinga yamoto, mumate ndi guluu wa kontaki, ayenda.

Werenganinso kachitsulo kolembedwa pa mota. Magetsi a ESCOM ndi 230V pa 50Hz. Makina a kaunjika ochokera ku America ambiri ndi a 115V pa 60Hz, mukangowalumikiza pa soketi yathu mota yapsa pomwepo. Ikalembedwa 115/230, wa zamagetsi atha kusintha mawaya, ingoyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kwawo. Ikalembedwa 380V kapena 400V ndiye ya mafezi atatu, pa nyumba wamba siigwira mpaka mutagula mota ina. Zochokera ku South Africa ndi ku UK zilibe vuto limeneli, kwa ya ku South Africa mungosintha pulagi. Ngati mumadalira jenereta magetsi akathima, mota ya mawati 750 imakoka mphamvu kangapo poyamba kuzungulira, choncho kajenereta ka 1 kVA sikangaidzutse; ganizirani za 2.5 kVA. Apa pokha kakang'ono kaja ndiye kamapambana.

Yowotcherera ndimaipatsa ulemu wake, chifukwa chilichonse chikathyoka wopanga ali pomwepa. Koma ubwino wake umatengera mmisiri. Mawilo ayenera kudutsa pa lefu (makina osemera zinthu kuti zikhale zozungulira bwino), akhale ndi kamsana pakati kuti buledi isavuke, ndipo onse awiri aime mzere umodzi. Cholakwika chofala ndi liwiro. Thabwa limafuna buledi yoyenda mamita pafupifupi 900 pa mphindi. Wilo la mamilimita 350 likazungulira kamodzi layenda mita 1.1, ndiye lizizungulira ka 800 pa mphindi. Ndi mota yozungulira ka 1400 pa mphindi, ikani pule (kawilo koyendapo lamba wa mota) ya mamilimita 60 ku mota ndi ya 100 ku wilo. Mota ya 2800 yochotsa ku pampu, pa mapule omwewa, imathamangitsa buledi kawiri, mano n'kupsa. Ndipo musalandire makina opanda zitseko zophimba mawilo, buledi ikaduka imakwapula chilichonse chili pafupi. Muuzeni wopangayo atalikitse mawilo molingana ndi mamilimita 2375, musadzipangire nokha muyezo wosowa.

Amene mukungofuna kudula zilembo, zidole ndi mafelemu pa pulayiwudu kapena paini wa mamilimita 20, gulani jigsaw yabwino (kamakina kogwira m'manja ka buledi yaifupi yoyenda chokwera ndi chotsika), mabuledi ake sasowa m'mahadiweya. Amene mwatsimikiza za kakang'ono, musapereke ndalama musanaone mabuledi ake osachepera atatu pa kauntala, ndipo mugule onse tsiku lomwelo. Kwa wofuna miyendo yokhota ya mipando kapena kung'amba mbawa, dikirani yakale ya inchesi 14 ngakhale itachedwa kupezeka. Muyambe ndi mabuledi awiri: ya mamilimita 6 ya mano 6 pa inchi yokhotera, ndi ya mamilimita 12 ya mano 3 kapena 4 yong'ambira, popeza mano othithikana amatsekeka ndi utuchi m'thabwa lochindikala. Mukacheka paini pukutani utomoni ndi palafini, ndipo pomaliza ntchito muzimasula chokokera buledi kuti mphira wa pa mawilo asaphwatalale mbali imodzi.