Mafayilo a 835 m'zipatala za ku America: pulogalamu ya mabilu, clearinghouse, loboti kapena banki?

Ndalama ya inshuwalansi m'zipatala za ku America imafika m'zigawo ziwiri zoyenda payekhapayekha. Ndalama yeniyeniyo imagwera ku banki kudzera mu ACH, njira yotumizira ndalama pakati pa mabanki pa kompyuta, pomwe tsatanetsatane wake, woti zingati ndi za wodwala uti komanso zomwe zakanidwa zakanidwiranji, amabwera pa fayilo ya pa kompyuta yotchedwa 835. Lamulo la boma la America lotchedwa HIPAA, la 1996, ndi lomwe linachititsa kuti fayiloyi ikhale ya mtundu umodzi kwa onse, ndipo kuyambira mu 2012 tonse tili pa mtundu wake wotchedwa 5010. Ntchito yathu ya mu ofesi ya mabilu ndi kukumanitsa ziwirizi, kenako n'kulowetsa malipiro pa akaunti ya wodwala aliyense.

Ogulitsa mapulogalamu onse amalonjeza chinthu chimodzi, choti malipiro ambiri azilowa okha popanda munthu kugwira kiyibodi. Sakunama ayi, koma claim yosavuta, kutanthauza bilu yomwe chipatala chimatumiza ku kampani ya inshuwalansi, pulogalamu iliyonse imailowetsa. Ine ndimayang'ana zotsalazo: zikakanika kulowa zimakagwera kuti, ndipo amene angasinthe malangizo ake ndani?

Tiyerekeze claim ya 1,000 dollars ya Medicare, inshuwalansi ya boma makamaka ya okalamba. Fayilo imafotokoza ndalama iliyonse yosalipidwa ndi khodi. Ikuti CO-45 ndi 380, kutanthauza gawo lopitirira mtengo wovomerezeka, lomwe chipatala chimangofufuta. PR-2 ndi 124, gawo la wodwala. CO-253 ndi 9.92, ija 2 peresenti yomwe boma linayamba kudula mu April 2013. Zotsala 486.08 ndizo zalipidwa. Apa palibe chovuta. Mutu umayamba kuwawa pamene fayilo yomweyo ili ndi claim ina yolembedwa CO-50, kuti thandizolo silinali lofunikira kuchipatala, kapena CO-16, kuti pali zina zosowa. Zilembo zoyamba ndi CO zomwezija, koma izi si zofufuta. Ndi ndalama yoti munthu akaimenyere nkhondo. Pulogalamu yomwe yauzidwa kuti CO iliyonse izifufuta imasiya akaunti ili pa ziro, yooneka bwino, ndalama itapita osadziwa aliyense.

N'chifukwa chake ndimaika patsogolo njira yogwiritsa ntchito pulogalamu ya mabilu yomwe chipatala chili nayo kale, kaya ndi Epic ndi gawo lake la Resolute, Oracle Health yomwe inali Cerner isanagulidwe mu 2022, kapena Meditech. Pulogalamu yotereyi imawadziwa maakaunti mkati mwake. Imatenga nambala ya pa CLP01, malo a pa fayilo olembapo nambala ya akaunti ija munatumiza nokha pa 837, fayilo yotumizira claim, n'kupeza akaunti yake. Imadziwa kuti wodwalayu ali ndi inshuwalansi yachiwiri, ndiye bilu isapite kwa iye kaye. Imathanso kuyerekeza zomwe zalipidwa ndi zomwe mgwirizano wanu ndi kampani ya inshuwalansiyo umanena, ngati migwirizanoyo munailowetsamo. Chachikulu kwambiri, tebulo louza khodi iliyonse choti ichite lili m'manja mwanu. Mungathe kunena kuti CO-97, yoti thandizolo linalipiridwa kale limodzi ndi lina, ya kampani iyi ifufutidwe, koma ya kampani inayo ikadikire munthu pa mndandanda wa zokanidwa.

Kuipa kwake n'komweko. Tebulolo silidzisamala lokha. Makhodi ofotokoza zifukwa aja, otchedwa CARC ndi RARC, amasinthidwa katatu pa chaka, ndipo makampani ena amagwiritsa ntchito khodi imodzi pa zifukwa zosafanana. Pamafunika munthu wodziwa mabilu ndi kompyuta pamodzi, ndipo anthu otere m'zipatala zazing'ono ndi osowa. Mumapeza tebulo lomwe linakonzedwa tsiku lokhazikitsa pulogalamu, wolikonzayo anachoka kalekale, ndipo aliyense akuopa kulikhudza. Kusintha kakang'ono kumadikira pamzere wa a IT kwa milungu. Ngakhale zili choncho, vuto ili ndi lanu, mungalithetse nokha polemba munthu ntchito kapena kuphunzitsa amene alipo.

Clearinghouse, monga Waystar, Availity kapena Optum, ambiri amaiona ngati yopikisana ndi pulogalamu ya mabilu, koma kwenikweni imagwira ntchito fayilo isanafike pakhomo. Imatolera mafayilo kumakampani mazanamazana n'kuwabweretsa malo amodzi. Mphamvu yake imaonekera pa zinthu ziwiri.

Choyamba ndi kugawa fayilo. Malipiro amodzi amatha kukhala ndi ma claim a chipatala ndi a madokotala, kapena a zipatala ziwiri zomwe zinaphatikizana koma chilichonse chikugwiritsabe pulogalamu yakeyake. Clearinghouse imadula fayiloyo potsatira zilembo zoyamba za CLP01, gawo lililonse lipite kwawo. Musanasaine, funsani kuti mizere ya PLB, yosintha malipiro onse pamodzi osati a claim imodzi, ipita ku gawo liti, poti iyo ilibe akaunti ya wodwala yoitsatira.

PLB imeneyi ndiyo imagonetsa anthu mochedwa kumapeto kwa mwezi. Ma claim onse pa fayilo akuwonkhetsa 52,000, koma ku banki kwalowa 48,500. Kusiyanako kuli pansi penipeni pa fayilo, pa mzere wa PLB wokhala ndi WO: kampani yadzibwezera 3,500 zomwe akuti inakulipirani mopyola pa claim ya miyezi yapitayo. Pomwepo mumapezanso L6, chiwongoladzanja cha kuchedwa kulipira, ndi FB, ngongole yosunthidwira ku malipiro otsatira. Ongoyamba kumene amakodwa pa chizindikiro, chifukwa nambala yopanda minus pa PLB imachepetsa malipiro, pomwe yokhala ndi minus imawonjezera. Njira iliyonse yomwe mukuganizira, ifunseni za PLB musanafunse za mtengo.

Chachiwiri ndi kufananitsa fayilo ndi ndalama ya ku banki. Malamulo a bungwe la CAQH CORE omwe anayamba kugwira ntchito mu January 2014 amati nambala yozindikiritsa malipiro, yotchedwa TRN, ya pa 835 ikhale yomweyo pa malipiro a ACH a mtundu wa CCD+ a ku banki, ndipo ziwirizi zisatalikirane kupitirira masiku atatu ogwira ntchito. Clearinghouse yabwino imagwira fayilo mpaka ndalama yake itaoneka, kuti musalembe pa akaunti ndalama yomwe sinafike. Koma banki yanu muyenera kuipempha kuti izikupatsani mzere woonjezera wotchedwa addenda momwe muli TRN. Mabanki ena sapereka osapemphedwa.

Kuopsa kwa clearinghouse tinakuona pa 21 February 2024, pamene Change Healthcare, yomwe ili pansi pa UnitedHealth Group, inathyoledwa ndi akuba a pa intaneti n'kuzimitsa makompyuta ake. Zipatala zambiri zinakhala milungu zosalandira ma 835. Kwina ndalama inkalowa ku banki koma popanda chosonyeza kuti ndi ya ndani. Kusamukira ku clearinghouse ina sikunali kwa tsiku limodzi, poti kampani ya inshuwalansi iliyonse imafuna mulembetsenso kumene fayilo izipita. Ine ndimalimbikitsa kuti makampani atatu kapena anayi omwe amakulipirani kwambiri mukhale ndi njira ina yotengera mafayilo awo, ngakhale itakhala yongokopera pamanja pa tsamba lawo. Ndipo ngati clearinghouse ikusintha makhodi fayilo isanakufikeni, muzisunga fayilo yoyambirira. Tsiku lotsutsana ndi kampani mudzaifuna.

Loboti, pulogalamu ya pa kompyuta monga ya UiPath kapena Automation Anywhere, imasangalatsa mabwana chifukwa imaoneka ikugwira ntchito: ikutsegula tsamba, ikukopera nambala, ikulemba mu pulogalamu monga amachitira kalaliki. Kuikhazikitsa n'kwachangu ndipo sikufuna kusintha pulogalamu ya mabilu. Koma loboti ili ngati waganyu amene mwamuuza kuti lima mizere yonse, akafika pa mbande amalima ndi mbande zomwe. Batani likangosuntha pa tsamba la kampani, imaima, ndipo kuimako n'kwabwino. Choipa ndi pamene ikupitiriza molakwika. Kampani ikasintha maganizo pa claim, imatumiza mzere wa CLP02 wolembedwa 22, wochotsa malipiro akale ndi manambala a minus, kenako mzere wina wa malipiro atsopano. Loboti yongophunzitsidwa kuwerenga malipiro ikhoza kulowetsa atsopanowo n'kusiya akalewo, akaunti n'kuoneka ngati yalipidwa kawiri. Pa Medicare zimenezi si zoseweretsa, popeza lamulo limati ndalama yopyola ibwezedwe pasanathe masiku 60 mutaizindikira, ndiye akaunti iliyonse yotere imafuna munthu woifufuza. Kugulira loboti ntchito yowerenga 835, pomwe pulogalamu yanu imawerenga kale fayiloyo, ndi kutaya ndalama. Malo ake enieni ndi ntchito zazing'ono zobwerezabwereza: kukatenga mafayilo pamasamba a makampani, kapena kusamutsa ziwerengero za ku banki tsiku ndi tsiku.

Lockbox, njira yoti makalata a malipiro azifikira ku banki m'malo mwa ku chipatala, ndi ya mapepala. Makampani olipirira ovulala pa ntchito ndi a ngozi za galimoto sakakamizidwa ndi HIPAA, choncho macheke ndi mapepala a EOB, ofotokoza malipirowo, akadalipo. Banki imalandira kalatazo, kuika cheke pa akaunti, kujambula pepala n'kupanga 835 yochokera pa chithunzicho. Zimathandiza, makamaka poti cheke sichigona mu drowa. Kungoti fayilo yotere muziidziwa kuti ndi yongomasulira. Pepala limalemba chifukwa chokanira m'mawu a kampaniyo, ndiye wina ku banki kapena kwa kontrakitala wake ndi amene wasankha CARC yofanana nacho. Nthawi zina nambala ya akaunti yanu pa pepalapo palibe kapena yaduka. Mafayilo amenewa ndi bwino akhale ndi malangizo awoawo, okhwimirapo, oti zambiri zizidikira munthu. Ndipo kampani ikamakutumizirani virtual card, nambala ya khadi yolipirira yomwe imakudyerani ndalama pochotsa, ngati ili pansi pa HIPAA muli ndi ufulu wopempha ACH ndipo siingakane.

Chipatala chokhala ndi pulogalamu imodzi ya mabilu chiyambe ndi kukonza tebulo la makhodi, clearinghouse izingobweretsa mafayilo ndi kuwafananitsa ndi banki. Chomwe chili ndi mapulogalamu angapo chilipire clearinghouse yodziwa kugawa. Wogulitsa aliyense akabwera, musamuonetse fayilo yoyera. Mupatseni yanu ya mwezi watha, mutachotsamo mayina a odwala, yokhala ndi CLP02 ya 22, PLB ya WO, ndi claim ya inshuwalansi yachiwiri yolembedwa OA-23. Khodi imeneyi imangobwereza zomwe kampani yoyamba inachita kale, ndipo pulogalamu ikaifufutanso, akaunti imatsika pansi pa ziro. Muuzeni ailowetse mukuona, kenako mutsegule maakaunti okhudzidwawo.