Kulipira ogulitsa katundu ku China: njira ziti n'zodalirika

Abale amene muli ku South Africa ndi ku UK ndipo mwayamba kuwoda katundu ku Guangzhou kapena ku Yiwu, njira zomwe timatumizira ndalama kumudzi si zolipirira oda yaikulu. Western Union ndi MoneyGram n'zachangu, koma wolandirayo akangotapa ndalamazo, kuzibweza n'kosatheka. Zimayenera polipira sampulo basi.

Kwa ongoyamba kumene, Trade Assurance, chitetezo cha ogula pa webusaiti yowodera katundu ya Alibaba, ndiyo yabwinoko. Katundu akachedwa kapena akabwera wosiyana ndi amene munagwirizana, mumadandaula pasanathe masiku 30 chimulandirireni. Koma chitetezocho chimagwira pokhapokha mutalipira kudzera pa Alibaba pomwepo. Wogulitsa akakuuzani pa WeChat kuti mumulipire pambali kuti akuchotsereni kenakake, kanani. Komanso lembani mu odamo mtundu wa nsalu, masaizi, kulemera ndi tsiku lonyamula, chifukwa oweruza madandaulo a ku Alibaba amaona zolembedwa, osati zomwe munacheza pafoni.

PayPal nayo imapereka nthawi yodandaulira, koma imadula kwambiri, ndipo mukasankha "Friends and Family" palibe chitetezo chilichonse.

Maoda akuluakulu amalipiridwa kubanki, njira yomwe ogulitsa amaitcha T/T. Mwambo wake ndi 30 peresenti poyamba, 70 yotsalayo katundu akapangidwa. Musatulutse yotsalayi munthu wanu kapena kampani yoyendera katundu isanatsegule makatoni n'kuwerenga. Apa ndi pomwe ambiri amalirira, ndiye chitani izi. Pemphani chithunzi cha laisensi ya kampani ya wogulitsayo. Imakhala ndi nambala ya zilembo 18 yomwe mungaifufuze pa gsxt.gov.cn. Dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa invoisi. Akaunti ya munthu payekha ikaneni. Ya ku Hong Kong si yachilendo, mafakitale ambiri enieni ali nayo, koma dzina likasiyana pemphani kalata yodindidwa chidindo chofiira cha kampaniyo. Imelo yonena kuti "tasintha banki" muziikayikira nthawi zonse: akuba amalowa mu imelo ya wogulitsa n'kusintha nambala ya akaunti pa invoisi yooneka bwinobwino. Muimbireni wogulitsayo pavidiyo pa nambala yakale, akuwerengereni akauntiyo ndi pakamwa.

Kanthu kena kakang'ono koma kosautsa: mayina a makampani aku China ndi aatali, pomwe pa mafomu a mabanki ena otumizira ndalama kunja mzere wa dzina umalowa zilembo 35 zokha. Dzina likaduka, banki ya kumeneko itha kubweza ndalama patapita masabata, zitadulidwa kale. Pitirizani dzinalo pa mzere wotsatira. Pa zolipira za banki sankhani OUR, kutanthauza kuti zonse mulipira ndinu. Mukasankha SHA, yogawana zolipirazo ndi wolandira, mabanki apakati amadulako, wogulitsa n'kumakakamira katundu chifukwa cha madola ochepa operewera.

A ku UK, yerekezani Wise, kampani yotumizira ndalama pa intaneti, ndi banki yanu. Nthawi zambiri mtengo wake wosinthira ndalama umakhala wabwinoko. A ku South Africa, banki idzafuna invoisi ndi nambala yanu yoitanitsira katundu ya ku SARS, bungwe la misonkho, ndipo ndalama yolipiriratu ikafika R50,000 pamafunika nambala ya APN, yosonyeza kuti mwadziwitsa SARS za ndalamayo, yochokera pa eFiling, webusaiti ya SARS.

Musalipire dipoziti Chaka Chatsopano cha ku China chitayandikira, mu Januwale kapena Febuluwale. Mafakitale amatseka kwa masabata, ndipo ndalama zanu zimangokhala kwa iwo popanda chopangidwa.