Zodzola zobisa madontho akuda kumaso

Zodzola za mtundu wa lalanje zimene ndinagula m'sitolo ina pafupi ndi msika waukulu wa Zomba zimagwira ntchito yake bwino, malinga ngati wogula akudziwa kuti cholinga chake n'kuphimba madontho, osati kuwachotsa. Pakhungu lakuda ngati lathu, mtundu wa lalanje ndi umene umabisa kuda kwa zipsera za ziphuphu ndiponso kwa m'munsi mwa maso, pamene wobiriwira umathandiza pokhapokha khungu likafiira. Choncho palibe chifukwa chogulira kabokosi ka mitundu yambiri.

Ndimapaka pang'ono kwambiri pachipsera penipenipo, ndikugogoda ndi nsonga ya chala, kenako ndimaika foundation (zodzola zophimba nkhope yonse) yofanana ndi khungu langa, n'kumaliza ndi paudala. Mukachulukitsa, mtundu wa lalanjewo umaonekera. Vuto lake lalikulu ndi thukuta: m'kutentha kwa Okutobala, poyenda wapansi kuchokera m'tauni kupita ku Chinamwali, zimayamba kusungunuka m'mbali mwa mphuno.

Chimene chandikhutiritsa n'chakuti zimachoka ndi sopo madzulo, mosiyana ndi mafuta oyeretsa khungu, amene ena mwa iwo amakhala ndi mercury, chinthu chimene chimawononga khungu ndi impso zomwe.