XML Schema kapena Schematron polemba malamulo a tanthauzo la deta

XML Schema, yomwe bungwe la W3C, lokhazikitsa miyezo ya pa intaneti, linavomereza mu 2001, imalongosola bwino kamangidwe ka chikalata cha XML (njira yolembera deta kuti kompyuta izitha kuiwerenga): gawo liti litsogole, liti litsatire, ndiponso ngati malo akutiakuti ayenera kukhala ndi deti kapena nambala. Komabe chikalata chikhoza kukwaniritsa zonsezi n'kukhalabe cholakwika, monga invoisi imene chiwerengero chake chomaliza sichikugwirizana ndi ndalama za pa mzere uliwonse, kapena mgwirizano umene tsiku lake lothera likubwera tsiku loyambira lisanafike.

Apa m'pamene Schematron, njira ina yoyesera zikalata za XML yomwe inakhala muyezo wa ISO (bungwe la miyezo ya padziko lonse) mu 2006, imaposa kwambiri. Lamulo lililonse limalembedwa ndi XPath, chilankhulo cholozera magawo a chikalata cha XML, ndipo pomwepo wolemba amaikapo chiganizo chomveka kwa munthu, chimene chimaonekera lamulolo likaphwanyidwa. Motero kufotokoza lamulo ndi kuliyesa zimakhala pamalo amodzi, ndipo n'kovuta kuti zisiyane pakapita zaka. Ma invoisi a Peppol, dongosolo lotumizirana zikalata za malonda pa intaneti, amayesedwa mwa njira imeneyi.

XSD 1.1, mtundu watsopano wa XML Schema wa mu 2012, inawonjezera assert, njira yolembera malamulo otere m'kati mwa XML Schema momwemo, koma lamulo lotere limangoona gawo limene laikidwamo ndi za m'kati mwake, ndipo mapulogalamu ambiri sanailandirebe. N'chifukwa chake ine ndimakonda kusiyira XML Schema kamangidwe kokha, ndipo lamulo lililonse lokhudza magawo angapo ndimalipereka kwa Schematron.