DAC kapena ampulifaya ya mahedifoni: zomwe ndapeza patatha miyezi 14

Sabata yatha mnzanga amene timaimba naye kwaya ananditumizira uthenga wondifunsa kuti, “Achimwene, ndalama zanga zikukwana chinthu chimodzi chokha, kodi ndigule DAC kapena ampulifaya ya mahedifoni?” Funsoli linafika kabokosi kanga, kamene kali ndi zinthu ziwiri zonsezo m'kati mwake, kali chotsegula pa tebulo la mmisiri wokonza mawailesi, ndipo ndinaona kuti yankho la mawu awiri silikanamuthandiza. Kabokosika ndinakagula mu Ogasiti 2023 kwa wogulitsa wina wa ku Johannesburg, msuweni wanga n'kubwera nako pa basi, ndipo m'masabata oyambirira ndinakatamanda kwa aliyense amene ankafuna kundimvera. Tsopano papita miyezi 14, ndipo zina mwa zimene ndinanena nthawi imeneyo ndiyenera kuzikonza.

Kwa amene sanazizolowere, ntchito za zipangizo ziwirizi n'zosiyana. Nyimbo ya m'kompyuta kapena m'foni imasungidwa ngati manambala, ndipo pa CD manambalawo amakhalapo 44,100 pa sekondi iliyonse mbali iliyonse, nambala iliyonse ili ndi ma bit 16. DAC imasandutsa manambalawo kukhala mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika motsatira mawu a nyimboyo, koma mphamvuyo siyokwanira kugwedeza mahedifoni ena mokwanira, choncho ampulifaya imaiwonjezera. Foni kapena laputopu iliyonse yokhala ndi pobayira mahedifoni ili kale ndi zonse ziwiri, zazing'ono. Munthu akagula kabokosi kapadera amakhala akusintha zimene ali nazo kale, ndipo funso loyenera n'lakuti, mwa ziwirizo, n'chiti chimene chikumuperewera.

Zimene zayenda bwino sizifuna mawu ambiri. Laputopu imakazindikira ndikangolumikiza waya wa USB, kamalandira mafayilo a 24-bit mpaka 192 kHz, sikalira konse nyimbo ikasiya, ndipo kapirira kuzima ndi kuyaka kwa magetsi kosawerengeka, ngakhale kuti nthawi zonse ndimakalumikiza kudzera pa chotetezera magetsi. Mahedifoni anga ndi Sennheiser HD 600, a ma ohm 300 (ma ohm akachuluka, mahedifoni amafuna ma volt ambiri kuti alire mokweza), ndipo pa laputopu ankamveka ngati woimba waima kuseri kwa chitseko. Chifukwa chake n'chosavuta kuwerengera: volt imodzi pa ma ohm 300 imapereka ma milliwatt 3.3 okha, pamene ma volt awiri amapereka oposa 13. Kabokosika kanathetsa vuto limenelo tsiku loyamba, ndipo mpaka lero sindinadandaulepo za mphamvu.

Vuto lenileni lili pa batani la voliyumu, ndipo linalipo kuyambira pachiyambi, kungoti ndinachedwa kulizindikira. Masana ndimamvera mokweza, koma usiku ana akagona ndimatsitsa kwambiri, ndipo usiku wina m'mwezi wachiwiri ndinamva kuti woimba wotsogolera, amene ayenera kumveka pakati penipeni pa mutu, wasendera kumanzere. Poyamba ndinaopa kuti khutu langa lakumanja layamba kufooka, zomwe kwa munthu woimba kwaya si nkhani yaing'ono. Ndinavala mahedifoniwo motembenuza, ndipo woimbayo anasamukira kumanja, motero ndinadziwa kuti makutu anga alibe vuto. Ndinayesa mahedifoni ena, zinali chimodzimodzi. Pomaliza ndinabwereka mita yoyezera magetsi, n'kuliza mawu amodzi osasintha a 400 Hz, n'kuyeza mbali zonse ziwiri ndikupotokola batani pang'onopang'ono. Kumayambiriro kwa batani mbali yakumanzere inkatulutsa mphamvu yochuluka moonekeratu, ndipo mbali ziwirizo zinkafanana batani likapitirira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wake.

Kumbuyo kwa batani lotere kuli kachipangizo kamene amisiri amakatcha potentiometer. M'kati mwake muli timizere tiwiri ta kaboni, kamodzi ka mbali iliyonse, ndi tizitsulo tiwiri timene timakhwekhwereza pamwamba pake munthu akamapotokola. Timizere tiwiriti sitingafanane ndendende, ndipo kusiyana kwake kumamveka kwambiri cha kumunsi, kumene mawu atsitsidwa kwambiri. Nditalembera wogulitsa m'mwezi wachitatu anandiyankha kuti zimenezi n'zachibadwa pa mabatani onse a mtundu umenewu, ndipo ndiyenera kunena chilungamo kuti sananame kwenikweni. Chimene sanandiuze ndisanalipire n'chakuti kabokosika kali ndi mphamvu yochuluka kwambiri moti munthu womvera motsitsa amathera nthawi yake yonse pamalo oipa omwewo.

Ndinapeza njira yolizembera vutolo. Ndinaika swichi ya gain, imene imasankha kuti ampulifaya iwonjezere mphamvu yochuluka bwanji, pa malo otsika, ndinatsitsa voliyumu ya pa kompyuta, n'kukweza batani la kabokosi mpaka pakati, pamene mbali ziwiri zimafanana. Anthu ena amaopa kutsitsa voliyumu pa kompyuta poganiza kuti nyimbo imawonongeka. N'zoona kuti kutsitsa ndi ma decibel 6 (muyezo wa kukwera kwa mawu) kumadya bit imodzi, koma kompyuta ikamatumiza ma bit 24 pa nyimbo ya ma bit 16 pamakhala malo okwanira otsitsira popanda kutaya kanthu kamene khutu lingamve. Kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu ndinakhala mwamtendere ndi njira imeneyi, ndipo ndikanalemba nthawi imeneyo ndikanati vutolo ndi laling'ono.

Mu Julaye 2024, mphepo ya mwera ikuulutsa fumbi mpaka m'nyumba, batani linayamba kukalakata ndikalipotokola, ngati munthu akuponda masamba ouma. Poyamba kukalakatako kunkatha ndikalizunguliza kangapo uku ndi uku. Pofika mu Seputembala mbali yakumanja inkatha kuzimiratu pakati pa nyimbo, mpaka nditaligogoda batanilo ndi chala. Ndikukumbukira madzulo ena pamene ndinkaphunzira gawo la tenala la nyimbo imene tinkakonzekera, ndipo m'chojambulidwacho matenala ali kumanja. Katatu konse anazimirira pamalo omwe ndinkafuna kumvetsetsa, ndipo ndinazula waya n'kukagona ndili wokwiya kwambiri. Fumbi lathu ndi lambiri, sindikana, koma kabokosika kamakhala pa tebulo m'chipinda, ndipo ndimakavindikira ndi nsalu ndikamaliza. Wailesi ya malemu bambo anga inakhala zaka zambiri m'fumbi loposa limeneli batani lake lisanayambe kuvuta.

Kuwonongekaku kunandikakamiza kuyesa zimene ndikanayenera kuyesa ndisanagule. Ndinabwereka ampulifaya yokhayokha, yopanda DAC, kwa mnzanga wina amene amajambula nyimbo, ndipo m'kabati ndinali ndi kawaya ka Apple kosinthira USB-C kupita ku pobayira mahedifoni, kamene ku America kamagulitsidwa madola 9 ndipo m'kamutu kake muli DAC ndi ampulifaya yaing'ono. Kumbuyo kwa kabokosi kanga kuli potulutsira mawu pa RCA, polumikizira ampulifaya ina, pamene sipadutsa pa batani lovutalo, choncho ndinatha kuyerekeza ma DAC awiriwo pa ampulifaya imodzi ndi mahedifoni amodzi. Chofunika kwambiri pa mayeso otere ndi kufananitsa kukwera kwa mawu, chifukwa chokwera pang'ono chimamveka ngati chabwino koposa. Kabokosi kankatulutsa ma volt awiri, kawaya volt imodzi, kusiyana kwa ma decibel 6, ndipo tsiku loyamba, ndisanafananitse, ndinali wotsimikiza kuti kabokosi kali ndi besi yakuya ndiponso mawu otambasuka. Nditafananitsa ndi mita, ndinapempha mphwanga kuti azisintha mawaya kumbuyo kwanga osandiuza. Tinayesa kakhumi, ndipo ndinalondola kasanu, monga mmene angalondolere munthu wongolota. Tinabwereza tsiku lina ndi nyimbo zimene ndimazidziwa pamtima, za kwaya, za jazi ndi za gitala ndi banjo zakale, koma sindinathe kusiyanitsa.

Zimenezi zinandidabwitsa, komanso zinandipweteka pang'ono, chifukwa ndisanagule ndinatha masabata ndikuwerenga mikangano ya matchipi a DAC. Fakitale ya AKM, kampani yopanga matchipi otere, ku Nobeoka ku Japan itapsa mu Okutobala 2020, opanga ambiri anasinthira ku matchipi a kampani ina yotchedwa ESS, ndipo kuyambira pamenepo okonda zipangizozi akhala akutsutsana kuti tchipi chakuti chimamveka chofewa, chakuti chimamveka chakuthwa. Sindikutsutsa amene amati amamva kusiyana, koma m'makutu anga, pa mahedifoni anga, kukwera kwa mawu kutafanana, sindinakupeze.

Pa ampulifaya nkhani inali ina. Nditabaya HD 600 mwachindunji m'kawayako, nyimbo zamakono zojambulidwa mokweza zinamveka bwino ndithu, kuposa mmene ndinkayembekezera. Koma pa nyimbo za kwaya ndi za oimba zida zambiri, zimene zimayamba monong'ona n'kukathera pamwamba, voliyumu inafika kumapeto ndikufunabe kukweza. Nditaika ampulifaya yobwerekayo pakati, zonse zinabwerera m'malo. Ndi timahedifoni ta m'khutu ta ma ohm 16 zinthu zinatembenuka: kawaya kotsika mtengoko kanaposa kabokosi kanga, chifukwa timahedifoni totero timafuna mphamvu yochepa kwambiri moti pa kabokosi batani limakhala kumunsi kwenikweni, pamene mbali ziwiri zimasiyana. Amene ali ndi timahedifoni totere ayang'anenso output impedance ya ampulifaya (ma ohm a potulutsira mawu pake), imene ambiri amalangiza kuti isapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a ma ohm a mahedifoniwo, apo ayi kamvekedwe kake kakhoza kusintha.

Ndiye ndinamuyankha mnzanga uja kuti ayambe waona ma ohm a mahedifoni ake ndiponso ngati mawu ake amakwera mosavuta. Ake ndi a ma ohm 32 ndipo amakwera mosavuta, choncho ndinamuuza kuti asagule chilichonse mwa ziwirizo, agule kawaya kabwino ka USB-C, ndalama zotsalazo asungire mahedifoni abwinopo. Akadzagula a ma ohm ambiri, ndalama aike pa ampulifaya, ndipo asankhe imene voliyumu yake imayendetsedwa ndi tchipi kapena ma relay (timaswichi tamagetsi), chifukwa m'zimenezo mulibe timizere tokhwekhwerezedwa tosiyana mbali ndi mbali.

Maganizo anga pa kabokosika amasinthasintha, ndipo sindibisa. Mmisiri atakapopera mankhwala otsukira zamagetsi kanagwira ntchito bwino masabata awiri, ndipo usiku wina m'masiku amenewo ndinamvera nyimbo maola atatu osadzuka pampando, mawu a oimba ali pamalo pawo, mpweya wawo ukumveka asanayambe mzere, ndipo ndinadziuza kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Kukalakata kutabwerera ndinayambanso kuwerengera kuti theka la mtengo wake ndinalipirira DAC imene sindingathe kuisiyanitsa ndi kawaya ka madola 9. Mmisiriyo, bambo wachikulire wodekha, anandiuza kuti, “Bwana, kupopera n'kuchedwetsa chabe, kachipangizoka kadyeka, tisinthe.” Kachipangizo koyenera kapawiri sikanapezeke m'sitolo zimene anafunsa, moti ndaitanitsa kunja, ndipo mtengo wake ndi wochepa kuyerekeza ndi wotumizira.

Chimene chandiwawa koposa batanilo ndi mmene wogulitsa anachitira. Waranti inali ya chaka chimodzi, ndipo ndinamulembera mu Julaye, kutatsala mwezi wathunthu, n'kumutumizira kanema womveka bwino kukalakatako. Anayankha patapita masiku khumi kupempha risiti, imene ndinatumiza tsiku lomwelo. Patapita masabata ena awiri anati ndibweze kabokosiko ku Johannesburg, mtengo wotumizira popita ndi pobwera ukhale wanga, ndipo sangalonjeze kanthu asanakaone. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero ndalama zotumizira ndi kampani yonyamula katundu zinkayandikira theka la zimene ndinalipira pogula. Ndinapempha kuti andidikire mpaka msuweni wanga adzabwere kudzakatenga pa basi, ndipo sanayankhe. Msuweniyo atapezeka mu Seputembala, yankho linabwera msanga, lakuti waranti yatha, koma akhoza kunditsitsirako mtengo pa kabokosi katsopano.

Ndinakana. Uthenga wanga woyamba wonena za batanilo unalembedwa m'mwezi wachitatu, wachiwiri m'mwezi wa 11, ndipo yonse ndili nayo pa WhatsApp ndi masiku ake. Ndinamutumizira zithunzi za mauthengawo n'kumupempha chinthu chimodzi chokha, kuti alipire mtengo wa kachipangizo kamene ndaitanitsako ndi ndalama za mmisiri, zimene zonse pamodzi sizikufika pa zimene amafuna kunditsitsira pa katundu watsopano. Papita masabata atatu tsopano, uthengawo ukuoneka kuti unawerengedwa, ndipo sanayankhe. Kabokosika ndikakonzetsa ndi ndalama zanga ndipo ndipitiriza kukagwiritsa ntchito, chifukwa ampulifaya yake ndi yabwino ndipo pa mtengo wa lero sindingakwanitse ina, koma mnzanga uja atandipempha nambala ya wogulitsayo sindinamupatse.