Firefox pophunzira HTML: maganizo anga

Amene akufuna kuphunzira kupanga mawebusayiti ndimawauza kuti aike Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, pa kompyuta yawo. Ndimaphunzitsa achinyamata kuno ku Ntcheu, ndipo phunziro la HTML, chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti, timaliyamba podina mabatani a Ctrl ndi U. Pomwepo pamatseguka tabu ina yoonetsa khodi ya tsamba lomwe mwatsegula monga momwe yachokera ku seva (kompyuta yosunga tsambalo), mzere uliwonse uli ndi nambala yake.

Chrome nayo imachita zomwezi, koma Firefox inandigwira mtima pa chinthu chimodzi: polakwika imalemba mofiira. Mtsikana wina ankakonza tsamba lotsatsa mbatata ya kachewere ya bambo ake a ku Tsangano, n'kutseka div (chizindikiro cha HTML chogawira tsamba m'zigawo) yomwe sanaitsegule. Anaona yekha pofiirapo ine ndisanayankhule, ndipo zinandisangalatsa kwambiri. Mukalozapo ndi mausi imafotokoza chomwe chalakwika, kungoti Chingerezi chake chimavuta kwa ongoyamba kumene.

Pa masamba odalira kwambiri JavaScript (chilankhulo china chomwe chimamanga kapena kusintha tsamba likatsegulidwa), ngati Facebook, Ctrl ndi U imangobweretsa khodi yothithikana yosawerengeka. Pamenepo dinani F12 kuti muone khodi ya tsambalo litamangika kale.

Firefox ndi yaulere, ndipo mafayilo omwe ophunzira alemba okha timawatsegula ngakhale bandulo itatha.